Pulojekiti ya gulu ya mapulogalamu: momwe mungaigwirire osataya code komanso osadana

Kaya muli ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuni kapena ku koleji ina iliyonse yophunzitsa za kompyuta, semesita ina a lekichala adzakuikani m'magulu a anthu anayi kapena asanu n'kunena kuti pakutha pa masabata khumi mubweretse sisitimu yoyenda. Mwina ya laibulale, ya sitolo, kapena yolembetsa odwala kuchipatala. Zomwe zimatsatira ambiri timazidziwa. Gulu la pa WhatsApp limatsegulidwa tsiku lomwelo, kenako zii. Patatsala sabata imodzi anthu amayamba kutumizirana mafayilo: final.zip, final2.zip, final_yeniyeni.zip. Munthu mmodzi amagona pa laputopu n'kulemba zonse, ena atatu akudikira kuti awauze zokanena kutsogolo. Laputopuyo ikafa kapena ikabedwa ku hositelo, gulu lonse limalowa m'madzi.

Nthawi zambiri vuto si nzeru ayi. Vuto ndi lakuti ntchito ilibe malo amodzi omwe aliyense akuwaona, ndipo zidutswa za anthu zimakumana koyamba usiku womaliza. Malangizo awa ndi okonza zimenezo, poganizira momwe timakhalira kuno: magetsi othimathima, bandulo yodula, ndi anzathu ena omwe alibe laputopu yawoyawo.

Choyamba: kumanani maso ndi maso, laputopu zili m'zikwama

Tengani pepala ndi cholembera. Lembani zinthu zitatu, zikachuluka zisanu, zomwe sisitimu yanu iyenera kuchita. Ngati ndi ya laibulale: kulembetsa buku, kubwereketsa buku, kulandira buku lobwezedwa, kuonetsa amene achedwa kubweza. Basi. Wina m'gulu adzanena kuti tiikemonso kulipira pa Airtel Money ndi Mpamba, kutumiza mauthenga a pafoni, ndi app ya Android. Zilembeni patsamba lina lakumbuyo, mudzazione ngati nthawi yatsala. A supavaiza amapereka malikisi pa zinthu zochepa zoyenda bwino, osati pa mabatani khumi ndi asanu omwe ukawadina palibe chochitika.

Papepala lomwelo jambulani matebulo a database ndi momwe akulumikizirana. Musafulumire apa. Kusintha dzina la column sabata yachisanu ndi chitatu kumagwedeza code ya munthu aliyense, pomwe kulifufuta papepala lero sikuwononga chilichonse.

Gwirizanani chilankhulo cholembera. Sankhani chimene ambiri m'gulu akuchidziwa kale, chimene a lekichala anaphunzitsa, ngakhale mmodzi wa inu atachita chidwi ndi framework yatsopano yomwe waiona pa YouTube. Gwirizananinso version. Ngati ndi PHP, onse akhale ndi XAMPP yofanana. Ngati ndi Python kapena Node, nambala zifanane. Mmodzi apange download pa Wi-Fi ya pasukulu, ena atenge pa fulashi, anthu asanu asamalize mabandulo asanu pa fayilo imodzi.

Chachiwiri: aliyense aike Git ndipo alembe dzina lake

Git ndi pulogalamu yosunga mbiri ya code yanu: ndani wasintha chiyani, liti, pa mzere uti. Anaiyambitsa Linus Torvalds mu 2005 kuti anthu ambirimbiri omwazikana m'mayiko osiyanasiyana azigwirira limodzi ntchito ya Linux. Chimene chimaipangitsa kutiyenerera kwambiri ife n'chakuti kompyuta iliyonse imakhala ndi mbiri yonse ya pulojekiti. Kusunga zomwe mwasintha, kubwerera m'mbuyo, kuyesa chinthu chatsopano pambali, zonsezi zimatheka popanda intaneti. Netiweki imafunika pokhapokha mukutumiza kapena kulandira ntchito ya anzanu, ndipo pamenepo imadya data yochepa kwambiri chifukwa imanyamula zosinthidwa zokha.

Mukaika, tsegulani Git Bash mulembe:

`git config --global user.name "Dzina Lanu"`

`git config --global user.email "imelo yanu"`

Lembani dzina lenileni lomwe a lekichala amalidziwa, osati la masewera. Tsiku lina padzabuka nkhani yoti uje sanagwire ntchito, ndipo `git shortlog -sn` idzaonetsa mayina ndi chiwerengero cha zomwe aliyense anasunga. Chiwerengerocho sichinena zonse, koma chimaletsa munthu kunamiziridwa kapena kunama.

Chachitatu: tsegulani malo amodzi pa GitHub

GitHub ndi webusaiti yosungirako mapulojekiti a Git. Mmodzi atsegule repository, malo osungiramo code ya pulojekiti ndi mbiri yake, aipange private, aitanemo anzake onse, ndipo aliyense aikokere pa makina ake ndi `git clone`. GitHub, yomwe inayamba mu 2008 ndipo Microsoft inaigula mu 2018, simalipiritsa pa izi. Private n'njofunika chifukwa magulu ena m'kalasi mwanu apatsidwa ntchito yofanana, ndipo code yanu ikapezeka mwa ena, a lekichala sadzakhala ndi nthawi yofufuza kuti wakuba ndi uti. Ngati muli ndi imelo ya sukulu kapena ID yomwe sinathe ntchito, pemphani GitHub Student Developer Pack, ndi yaulere kwa ophunzira.

Pali pamene ambiri amakodwa tsiku loyamba. Kuyambira mu Ogasiti 2021, GitHub inasiya kulandira password wamba potumiza code. Pa Windows, Git imatsegula browser kuti mulowe, ndipo zikatero yatha. Pa Linux pangani SSH key, kiyi yokuzindikiritsani m'malo mwa password, ndi `ssh-keygen`, mukaike mbali ya public pa akaunti yanu. Ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta ya mu labu, tulukani mu akaunti mukamachoka.

Chachinayi: lembani .gitignore musanasunge kalikonse

Ili ndi fayilo laling'ono lomwe limauza Git zinthu zoti isanyamule. Mulembemo `node_modules`, `vendor`, `venv`, `build` ndi `.env`, malinga ndi zomwe mukugwiritsa ntchito. Foda ya node_modules yokha imatha kupitirira ma MB mazana angapo. Ikalowa mu mbiri, mnzanu aliyense adzalipira bandulo poikoka, ndipo GitHub imakana fayilo lililonse lopitirira 100 MB.

Za `.env` mvetsetsani bwino. Mmenemo mumakhala password ya database ndi makiyi achinsinsi. Mukaitumiza kamodzi, ngakhale mudzaifufute mawa, imatsala mu mbiri ndipo aliyense angathe kuifukula. Zikachitika, musataye nthawi ndi kubisa, sinthani password ndi makiyiwo. M'malo mwake sungani fayilo la `.env.example` lokhala ndi mayina a zofunika koma lopanda zinsinsi.

Chachisanu: gawanani ntchito moti aliyense alembe code

Apa ndi pamene magulu ambiri amalakwirana, ndipo ine zimandikhudza kwambiri. Kagawidwe kozolowereka n'kakuti uyu wodziwa alembe sisitimu, uyu akongoletse, uyu alembe lipoti, uyu apange ma slide. Kawirikawiri lipoti ndi ma slide zimagwera atsikana a m'gulu kapena mnyamata wopanda laputopu, popanda kuwafunsa n'komwe. Semesita imatha iwo asanalembe mzere umodzi, pomwe makolo awo alipira fizi yofanana ndi ya wina aliyense ndipo mayeso adzalemba okha. Musalole zimenezi, kaya inu ndinu wodziwayo kapena wopatsidwa lipotiyo.

Gawanani motsata zomwe sisitimu ichite. Wina atenge kulembetsa mabuku, kuyambira fomu yoonekera mpaka kulowetsa mu database. Wina atenge kubwereketsa, chimodzimodzi. Wina atenge zolowa ndi kutuluka mu akaunti. Mukatero aliyense amakhudza mbali zonse, ndipo anthu sakhalira kukangana pa fayilo limodzi. Lipoti nalo ligawidwe, aliyense alembe gawo la zomwe wapanga.

Mnzanu wopanda laputopu akhale pambali pa wina, azisinthana kiyibodi. Wodziwa kwambiri ndiye asiye kiyibodi, azingolankhula. Zimachedwa masiku oyamba, koma kumapeto muli ndi anthu awiri odziwa code imeneyo. Posunga ntchito yomwe mwagwira awiri, onjezani mzere uwu kumunsi kwa uthenga wa commit (kusunga kulikonse mu Git kumatchedwa commit), mutasiya mzere umodzi wopanda kanthu:

`Co-authored-by: Dzina <imelo>`

GitHub idzaonetsa mayina onse awiri, ndipo thukuta la mnzanuyo silisowa chifukwa choti makina anali a wina.

Chachisanu ndi chimodzi: kachitidwe ka tsiku ndi tsiku

Git imalola code kukhala ndi nthambi zingapo, ma branch. Branch yaikulu, yomwe imatchedwa main, ikhale yoyenda nthawi zonse. Munthu asalembe mwachindunji mmenemo. Mukakhala pansi kuti muyambe:

`git switch main`

`git pull`

`git switch -c kubwereketsa-buku`

Tsopano muli pambali panu, mukhoza kuwononga mmene mungafunire osapweteka wina. Mukamaliza kachigawo kakang'ono koyenda:

`git add .`

`git commit -m "Fomu yobwereketsa ikukana buku lomwe labwerekedwa kale"`

Yang'anani `git status` musanapange add, muone ngati simukunyamula zinyalala. Uthenga unene chomwe chasintha, m'Chichewa kapena m'Chingerezi zilibe kanthu, bola usakhale "update" kapena "zinthu". Sungani pafupipafupi. Batire ikayamba kufiira ndipo magetsi a ESCOM sanabwere, pangani commit pomwepo ngakhale ntchito isanathe. Mukapeza netiweki, `git push -u origin kubwereketsa-buku`, kenako tsegulani pull request, pempho lolowetsa branch yanu, pa GitHub kuti mnzanu mmodzi aiwerenge asanailowetse mu main. Wowerengayo aikoke, aiyendetse pa makina ake, osangodina batani chifukwa ndinu anzake.

Branch isakhalitse. Masiku awiri kapena atatu, ilowe. Ikatha masabata awiri ili payokha, kuiphatikiza ndi ya anzanu kumakhala chintchito.

Chachisanu ndi chiwiri: conflict ikabwera

Idzabwera ndithu, ndipo sikuti china chake chawonongeka. Zimangotanthauza kuti anthu awiri asintha mizere yomweyomweyo ndipo Git siingasankhe yokha. Mukatsegula fayilo mudzaona chonchi:

`<<<<<<< HEAD`

mizere yanu

`=======`

mizere ya mnzanu

`>>>>>>> main`

Muyimbireni mwini wa mizere inayo, kapena mupite kuchipinda kwake. Werengani mbali zonse ziwiri limodzi, siyani zoyenera kutsala, fufutani zizindikirozo, yendetsani pulogalamu, kenako `git add` ndi `git commit`. Mukasokonezeka pakati, `git merge --abort` imakubwezani pomwe munali.

Pa intaneti mudzapeza wina akulangiza `git push --force`. Pa main musayerekeze. Lamulo limeneli limafafaniza ntchito yomwe anzanu anatumiza ndi kuikapo yanu.

Chachisanu ndi chitatu: pamene palibe intaneti kapena bandulo yatha

Ambiri sadziwa kuti fulashi ikhoza kugwira ntchito ya GitHub. Tiyerekeze kuti kompyuta yapatsa fulashi yanu chilembo cha E. Muli mu foda ya pulojekiti, lembani:

`git clone --bare . /e/pulojekiti.git`

`git remote add fulashi /e/pulojekiti.git`

Kuyambira pamenepo `git push fulashi main` ndi `git pull fulashi main` zimayenda ngati pa intaneti, fulashi ikungodutsa m'manja. Mnzanu aliyense aonjezere remote yomweyo, malo otumizako ndi kukokako code, pa makina ake, poona chilembo chomwe fulashiyo yatenga kwa iye. Nthawi zina Git imakana n'kulemba za "dubious ownership". Musachite mantha, pansi pa uthengawo imakupatsani lamulo la `safe.directory` loti mukope ndi kuyendetsa.

Ngati mnzanu ali kutali, mwina wapita kumudzi kumaliro ndipo ali ndi kabandulo ka WhatsApp kokha, pangani `git bundle create pulojekiti.bundle --all`. Izi zimamanga mbiri yonse mu fayilo limodzi laling'ono lomwe mungatumize ngati document. Iye akalilandira alemba `git pull pulojekiti.bundle main`. Kusiyana kwake ndi final2.zip n'kwakuti Git imadziwa kuphatikiza zake ndi zanu popanda kukwirira chilichonse.

Fulashi yomwe imayenda m'makompyuta a mu labu ndi kwa anthu osindikiza mapepala pa msika imagwira virus ya ma shortcut, ija yomwe mafoda onse amasanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi. Mafayilo anu amakhala alipo, angobisidwa. Musadine ma shortcut amenewo. Yendetsani antivirus, kenako mu Command Prompt lembani `attrib -h -r -s /s /d E:\*.*` ndipo mafoda enieni adzaonekanso. Koma ndi bwino fulashi ya pulojekiti isamapite kosindikizitsa n'komwe.

Zina ziwiri zopulumutsa data. Mukalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, uzani Windows kuti ndi metered connection, apo ayi idzayamba update yake n'kumeza bandulo ya sabata yonse musanatsegule n'komwe VS Code. Ndipo tsiku lomwe muli pa Wi-Fi yabwino, sungani documentation yowerenga popanda intaneti kudzera pa DevDocs kapena Zeal.

Chachisanu ndi chinayi: database

Git imasunga code, koma zomwe zili mu MySQL ya pa laputopu yanu siziona. Ndiye chifukwa chake mumamva kuti "kwanga ikuyenda" pomwe kwa mnzanu ikungotulutsa zofiira: inu munaonjezera column mu phpMyAdmin osauza munthu. Ngati mukugwiritsa ntchito Laravel kapena Django, kusintha kulikonse kwa tebulo kudutse mu migration, fayilo lolemba kusinthako, ndipo fayilo la migration lilowe mu Git. Ngati ndi PHP wamba, sungani fayilo la `schema.sql` mu pulojekiti, ndipo wosintha tebulo alisinthenso mu commit yomweyo.

Amene amagwiritsa ntchito XAMPP amaudziwa uthenga woti MySQL yazima mosayembekezereka. Kawirikawiri umabwera kompyuta ikazima mwadzidzidzi database ili pakati pa ntchito, monga magetsi akathima pa desktop kapena pa laputopu ya batire yakufa. Zolowerani kuimitsa MySQL musanatseke makina, ndipo khalani ndi fayilo lachiwiri lodzaza database ndi zinthu zoyeserera, kuti ikawonongeka muimangenso m'mphindi zisanu.

Zoyeserazo zikhaledi zopeka. Musatenge mndandanda wa odwala womwe achibale anu ogwira ntchito kuchipatala akupatsani, kapena manambala a foni a anzanu a m'kalasi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ya anthu, koma ngakhale pakanapanda lamulo, matenda a munthu si chinthu choonetsa pa projector.

Za code yotenga pa intaneti kapena kwa AI

Tsatani malamulo a dipatimenti yanu pa nkhaniyi. Langizo langa ndi limodzi: musalowetse mu main mzere womwe simungaufotokoze. Pa tsiku loonetsa, a lekichala amaloza function imodzi n'kufunsa munthu amene wakhala chete kuti "Achimwene, apa pakuchitika chiyani?" Chibwibwi cha munthu mmodzi chimagwetsa malikisi a onse, ndipo mwiniwakeyo akhoza kukathera ku sapu.

Chakhumi: sabata yomaliza

Patatsala masiku asanu lekani kuonjezera zatsopano. Kuyambira apa ndi kukonza zolakwika basi. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala, choncho musanene kuti yatha musanachite ichi: bwerekani laputopu ya munthu wa kunja kwa gulu, pangani `git clone`, tsatani README yanu, fayilo lofotokoza momwe sisitimu aiikira ndi kuiyendetsa, mzere ndi mzere. Pomwe mwakodwa, README ikusowa kanthu kapena fayilo lina linatsala pa makina a munthu mmodzi. Konzani, yesaninso. Ikayenda, `git tag v1.0` ndi `git push --tags`, kuti mudziwe malo otetezeka obwererako wina akadzaswa chinthu usiku womaliza.

Kenako zimitsani Wi-Fi ndi hotspot, muiyendetsenso. Magulu ambiri amakoka Bootstrap, jQuery ndi mafonti kuchokera pa intaneti osazindikira. M'chipinda choonetsera netiweki ikavuta, tsamba lonse limaoneka ngati mndandanda wa zilembo zakuda pa pepala loyera. Pangani download mafayilo amenewo akhale mkati mwa pulojekiti. Ngati sisitimu imatumiza uthenga wa pafoni kapena imalandira ndalama, konzani njira yoyeserera yomwe imayenda popanda netiweki, ndipo muuze oonetsedwa mosabisa kuti apa tikuyeserera.

Pitani mukaone chipindacho dzulo lake. Projector zina zakale zimalandira VGA yokha pomwe laputopu yanu ili ndi HDMI, ndiye pezani kachingwe kosinthira nthawi ilipo. Laputopu ziwiri zikhale ndi sisitimu yoyenda, mabatire odzaza. Jambulani kanema wa mphindi zitatu woonetsa sisitimu ikugwira ntchito, mumusunge pa foni ndi pa fulashi. Yesererani kawiri, aliyense aonetse gawo lomwe analemba, ndipo wina ayerekeze kukhala a lekichala: alowetse dzina lopanda kanthu, tsiku la chaka chatha, chilembo pamalo pa nambala, adine batani kawiri motsatizana. Zimenezi ndi zomwe amayesa.

Malikisi akatuluka, funsani a supavaiza ngati n'kololedwa kuiika poyera. Akavomera, onetsetsani kuti mu mbiri mulibe password iliyonse, ikani zithunzi zitatu za sisitimu mu README pamodzi ndi mayina a onse a m'gulu ndi gawo la aliyense, kenako sinthani repository ikhale public. Aliyense aike link yake pa CV yopita nayo kofunsira attachment, ndipo akonzekere kutsegula commit zake n'kuzifotokoza akafunsidwa.